Kulongedza Katundu Wogulitsidwa pa Intaneti

Malonda a pa intaneti ali ndi chinthu chimodzi chimene malonda a pamsika alibe, ndicho ulendo. Mayi wogulitsa makapu adothi mumsika wa Limbe akalandira ndalama n'kupereka kapu m'manja mwa wogula, zake zathera pomwepo. Kapuyo ikakaswekera m'minibasi pa Chichiri, imeneyo ndi nkhani ya mwini wake. Koma amene waika chithunzi cha kapu yomweyo pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp, wina wa ku Mzuzu n'kuikonda n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ameneyo malonda ake sanathe. Ndalamazo zalowa m'foni, inde, koma si zake kufikira kapuyo itafika yamphumphu. Pakati pa Limbe ndi Mzuzu pali makilomita oposa 600, ndipo phukusilo lidutsa m'manja mwa anthu angapo amene sadziwa chimene chili m'kati mwake, komanso alibe nthawi yofunsa.

Ogulitsa ambiri amayamba ndi kuyang'ana kuti panyumba pali katoni yanji. Poyambira penipeni ndi pena: katundu ameneyu chingamuwononge n'chiyani panjira imene adutse? Chitenje sichisweka, koma chimanyowa ndiponso chimada. Botolo la uchi siliopa mvula, limaopa kugwa ndi kutayikira. Foni imaopa kugwa, madzi ndi maso a anthu. Usipa umaopa chinyezi, pamene katundu wa anzanu m'buti ya basi akuopa fungo la usipawo. Cholongedzera chimasankhidwa poyang'ana mdani wa katunduyo, osati poyang'ana chimene chili pafupi kapena chimene chikukongola pachithunzi.

Njira nayo muidziwe. Pa depoti phukusi limaponyedwa kuchokera m'manja kupita m'buti, pamwamba pake n'kusanjikapo matumba a mpunga ndi zikwama za apaulendo. Basi ikanyamuka limagwedezeka kwa maola ambiri, ndipo pa dzenje lililonse la mumsewu limadumpha. Kugwedezeka kumeneku anthu sakuwerengera, chonsecho ndi kumene kumamasula zivindikiro pang'onopang'ono ndi kukhulanitsa zinthu ziwiri zogundana mpaka utoto kuchoka. Likafika limakwera kabaza, mwina mvula ikugwa. Kulemba kuti FRAGILE ndi zilembo zazikulu si kulakwa, koma dzenje la mumsewu siliwerenga, ndipo wokweza katundu amene ali ndi makatoni 80 oti alowe basi isananyamuke sangayimire yanu yokha. Longedzani ngati kuti palibe amene adzaone chimene mwalemba.

Katoni

Mukang'amba katoni yabwino n'kuyang'ana m'mphepete mwake, muona mapepala atatu: limodzi losalala kunja, lina losalala m'kati, ndipo pakati pawo pali lopindidwa mizeremizere. Mphamvu yonse ya katoni ili pa pepala lapakatili. Ndi nzeru yomweyo ya malata a padenga: chitsulo chopyapyala chimene mwana angachipinde chikakhala chosalala, chikapindidwa mizeremizere chimanyamula mmisiri wokhoma misomali.

Pepala lopindidwa choterelo linayamba kugwiritsidwa ntchito ku England mu 1856, koma osati polongedza katundu; ankaliika m'kati mwa zipewa zazitali za abambo kuti ziziima bwino. Mu 1871 Albert Jones wa ku New York analembetsa luso lokulungira nalo mabotolo ndi magalasi a nyali, ndipo mu 1874 Oliver Long anawonjezera mapepala osalala omata pamizereyo kuti isatambasuke. Amene anapangitsa kuti katoni itchipe ndi Robert Gair, wobadwira ku Scotland, amene anali ndi fakitale ya matumba a mapepala ku New York. M'zaka za m'ma 1870, chitsulo cha m'makina ake chimene chinkayenera kungopinda pepala chinasuntha n'kulidula. Gair anaona kuti makina amodzi angathe kudula ndi kupinda nthawi imodzi, n'kutulutsa mabokosi ambirimbiri ophwathalala oti munthu angowaimika akafuna. Makatoni amene mumaona atasanjikidwa kuseri kwa magolosale anachokera pamenepo.

Kudziwa za mizereyi kumathandiza posankha. Katoni imalimba pamene mizere yake yaimirira, kuchokera pansi kupita pamwamba, chifukwa ndi imene imanyamula zosanjikidwa pamwamba. Mukaigoneka chammbali mwaichotsera mphamvu zambiri. Ilipo ya khoma limodzi, yokhala ndi mzere umodzi wa pepala lopindidwa, ndipo imakwanira nsapato, mabuku ochepa ndi zina zopepuka. Ilipo ya makoma awiri, imene amaikamo ma TV, mafiriji ang'onoang'ono ndi mabotolo olemera. Zosweka ndi zolemera zimafuna ya makoma awiri, ngakhale itadula.

Ambiri mwa ogulitsa a pa intaneti kuno amagwiritsa ntchito makatoni akale ogula kapena kupempha m'magolosale ndi m'maholoselo, ndipo palibe choipa pamenepo. Choipa ndi kusayang'ana. Katoni imene inanyowapo, ngakhale itauma n'kuoneka bwino, mizere yake inafooka ndipo sibwereranso. Imene ngodya zake zaphwanyika yatha ntchito, poti ngodya ndi zimene zimanyamula katundu wambiri. Dinikizani ndi chala pakati pa khoma lake: ikabonyoka mosavuta, isiyeni. Miyezi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ngakhale katoni yatsopano imamwa chinyezi cha mumpweya n'kufewa, choncho musasunge makatoni pansi pa simenti kapena mowatsamiritsa kukhoma. Nunkhizaninso. Katoni ya sopo imapatsira fungo lake tiyi, ufa ndi mpunga, ndipo wogula amene walipira mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga chifukwa cha fungo lake sadzakukhululukirani ukadzafika ukununkhira sopo wochapira. Katoni kapena thumba limene munali mankhwala a mbewu kapena feteleza lisayandikire chakudya ngakhale pang'ono. Mayina ndi manambala akale amene ali pakatoni afufuteni, angasocheretse phukusi lanu.

Mpata ndi umene umaswa

Katundu wambiri amasweka osati chifukwa katoni inali yofooka, koma chifukwa anali ndi malo oyendamo m'kati. Katoni ikagwa imaima mwadzidzidzi ikagunda pansi, koma kapu imene ili m'kati imapitirira ulendo mpaka itamenya khoma kapena kapu inzake. Ntchito ya zonse zimene timaika m'katoni ndi ziwiri, ndipo ndi zosiyana. Ina ndi kukulunga chinthucho kuti chikagunda chigunde pofewa. Ina ndi kudzaza mpata kuti chisasunthe n'komwe. Makampani akuluakulu onyamula maphukusi monga UPS ndi FedEx amalangiza kuti pakati pa chinthu chosweka ndi khoma lililonse la katoni pakhale zofewa zokhuthala masentimita 5, pansi ndi pamwamba pomwe. Pansi ndi pamene ambiri amaiwala: amaika mbale pakatoni yopanda kanthu, n'kuunjika mapepala pamwamba.

Chokulungira chodziwika kwambiri ndi pulasitiki ya timatuza ta mpweya, ija ana amakonda kuphulitsa ndi zala. Inapangidwa mu 1957 ndi Alfred Fielding ndi Marc Chavannes ku New Jersey, ndipo cholinga chawo chinali chakuti ikhale yomata m'makoma a nyumba ngati chokongoletsa. Anthu sanaifune. Mu 1960 anayambitsa kampani ya Sealed Air, ndipo mwayi wawo unabwera pamene IBM inayamba kukulungira pulasitikiyi kompyuta zake za mtundu wa 1401 potumiza kwa ogula. Pokulunga, timatuzato tiyang'ane kukatundu, mbali yosalala ikhale kunja kumene tepi igwire. Kuzunguliza kamodzi sikukwana pa galasi kapena dothi. Zungulizani kawiri kapena katatu, ndipo chogwirira cha kapu, mlomo wa tiipoti kapena khutu la chiboliboli cha njovu muyambe mwachikulunga pachokha. Yakale imene timatuza take tambiri taphulika yasanduka pulasitiki wamba.

Pulasitiki imeneyi sipezeka paliponse, ndipo kumene imapezeka imadya phindu. Mapepala amagwira ntchito bwino ngati mwawafwinya kukhala timipira tolimba n'kuwathithikiza mokwanira. Pepala longoyala silithandiza kanthu. Nyuzipepala yakale ili ndi vuto limodzi, inki yake imachoka: imadetsa nsalu yoyera, nsapato zoyera ndi ziboliboli zosapaka polishi, ndipo siyenera kukhudza chakudya. Yambani mwakulunga katunduyo m'pepala loyera kapena m'pulasitiki, nyuzipepala ibwere pambuyo. Mathireyi a mazira a mapepala ndi abwino kuyala pansi ndi m'mbali mwa katoni. Zidutswa za katoni zodula bwino zimalekanitsa mabotolo kuti asagundane. Mbale zophwathalala muziimike chammbali, iliyonse ndi pepala lake, osati kuzisanjika mogoneka, chifukwa mbale imapirira kwambiri m'mphepete kusiyana ndi pakati. Utuchi ndi mankhusu a mpunga ena amagwiritsa ntchito, koma pogwedezeka amatsikira pansi n'kusiya katundu pamtunda, amalowa paliponse, ndipo kunja kwa dziko sangaloledwe. Vuto lotsikira pansili lilinso ndi timapulasitiki toyera tofewa timene kampani ya Dow Chemical inayamba kugulitsa mu 1965. Chinthu cholemera chimamira mpaka kukafika pakhoma.

Chinthu chodula ndiponso chosweka, monga miphika yopaka ya ku Dedza kapena chosema cha ku Mua, chimafuna makatoni awiri: yaing'ono yokhala ndi katunduyo, yaikulu yoikamo yaing'onoyo, pakati pawo n'kuthithikizapo zofewa. Bokosi limene foni kapena nsapato zinabweramo kuchokera kufakitale analipangira shelefu ya m'sitolo, osati buti ya basi. Lilowe m'katoni ina yopanda zithunzi. Apa mwaphanso mbalame ina, chifukwa phukusi limene likulengeza kuti muli foni yatsopano limaitana manja.

Mukamaliza kulongedza, musanamate, tsekani katoniyo ndi manja n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Mukamva chinthu chikuyenda, tsegulani muwonjezere.

Zimene sizifuna katoni

Zitenje, zovala za kaunjika, mawigi ndi nsalu za pabedi sizisweka. Kuziika m'katoni ndi kuwononga ndalama kawiri, pogula katoniyo ndi polipira malo ake. Zimenezi zimafuna thumba la pulasitiki lolimba, losaonekera m'kati, lomatidwa bwino kuti madzi ndi fumbi zisalowe. Jumbo yopyapyala ya pamsika imang'ambika ikangokodwa pa zipi ya chikwama cha wina. Ilinso ndi mlandu: malamulo a dziko la Malawi a 2015 amaletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsochi mu 2019. Maikironi imodzi ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita. Rwanda inaletsa majumbo mu 2008 ndipo Kenya mu 2017, choncho wotumiza katundu kumayiko amenewo asawaike n'komwe. Nsalu isalowe m'pulasitiki isanaumitsitse. Yochapa dzulo ikatsekeredwa masiku atatu imafika itachita chuku.

Zamadzimadzi zili ndi mwambo wawo. Uchi, chiponde, tsabola wa m'botolo ndi mafuta odzola zimatuluka pachivindikiro, osati pabotolo. Ikani kapulasitiki pakamwa pa botolo musanatseke, mangitsani, zungulizani tepi pachivindikirocho, kenako botolo lonse lilowe m'thumba lake lomanga, kuti likatayikira liwononge lokha. Musadzaze mpaka pakamwa, chifukwa zamadzimadzi zimafufuma zikatenthedwa, ndipo buti ya basi yopita ku Nsanje mwezi wa Okutobala si malo ozizira. Ngati wogula sakuumirira galasi, botolo la pulasitiki ndi lopepuka ndipo silisweka. Nsomba zouma ziume kwenikweni, zilowe m'matumba awiri omanga payekhapayekha, kenako m'katoni yolimba kuti zisafumbutuke. Mpunga, nyemba ndi mtedza zimayenda bwino m'matumba awiri osokedwa pakamwa, osati ongomanga ndi luzi.

Za tepi n'zachidule. Selotepi yaing'ono ya muofesi sigwira katoni, ndipo tepi yapepala ya opaka penti imamatuka ikamva chinyezi. Gulani yaikulu, ya mamilimita 48 m'lifupi. Matani mzere wapakati pamene zitseko za katoni zikumana, kenako mizere iwiri ya m'mphepete, kuti zioneke ngati chilembo cha H, pamwamba ndi pansi pomwe. Kuzunguliza tepi katoni yonse mpaka kuoneka ngati mpira sikulimbitsa katoni yofooka, kumangovutitsa wotsegula, amene pomaliza amatenga mpeni n'kucheka ndi katundu yemwe.

Kulipira mpweya

Wotumiza phukusi kunja koyamba amadabwa pa kauntala. Waika pasikelo katundu wa makilogalamu 2, koma akumuuza kuti alipire 12. Sanamubere. Ndege ndi galimoto zimadzaza malo zisanadzaze kulemera, choncho makampani onyamula maphukusi amayeza ziwiri, kulemera kwenikweni ndi kukula, n'kulipiritsa chimene chachuluka. DHL ndi makampani ena otumiza mwachangu amachulukitsa m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya masentimita 50 ndi 40 ndi 30 imapereka 60,000, ndipo mukagawa ndi 5,000 mupeza makilogalamu 12, ngakhale m'katimo mutakhala dengu lopepuka. Katundu yemweyo akakwana m'katoni ya 40 ndi 30 ndi 20, masamu ake ndi 24,000, kutanthauza makilogalamu 4.8. Kusiyana kwa makatoni awiriwa pamaso n'kochepa, koma pa makilogalamu olipira ndi koposa theka.

Apa ndi pamene wogulitsa amakokedwa mbali ziwiri. Chitetezo chikufuna masentimita 5 mbali zonse, thumba likufuna katoni yaing'ono. Yankho ndi katoni yoyenerana ndi katunduyo, ndipo ngati palibe, dulani yaikulu: chekani ngodya zinayi kutsika mpaka pamene katundu walekeza, lembani mzere ndi kumbuyo kwa mpeni, pindani. Ngakhale pabasi, pamene mtengo amautchula poyang'ana ndi maso, katoni yaikulu imatchulidwa mtengo waukulu. Ndalama ya katoni, tepi ndi zokulungira muiwerengere pamtengo wa katundu musanaulembe pa intaneti. Ogulitsa ambiri a geni yaing'ono amaiwala zimenezi, ndipo phindu lawo limathera m'zinthu zimene wogula adzataya tsiku lomwelo.

Phukusi lodutsa malire limakumana ndi malamulo ena amene amakhudza kalongedzedwe. La pa positi limafuna fomu ya kasitomu, CN22 kwa laling'ono lotsika mtengo kapena CN23 kwa lokulirapo, malinga ndi dongosolo la Universal Postal Union, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874. Lembanipo zoona, ndipo longedzani podziwa kuti a kasitomu angathe kutsegula n'kutsekanso mosasamala ngati mmene munachitira inu. Bokosi la matabwa limafuna chidindo chosonyeza kuti matabwawo anathiridwa mankhwala kapena kutenthedwa mpaka m'kati mwake kufika madigiri 56 kwa mphindi 30, potsatira muyezo wa ISPM 15 woteteza mayiko ku tizilombo ta m'mitengo. Pulayiwudi lamuloli silimukhudza. Mabatire a lithium, monga a m'foni ndi m'ma power bank, pamodzi ndi pafyumu ndi zopopera, amawerengedwa ngati katundu woopsa pandege chifukwa amatha kuyaka, ndipo kubisa zoterezi pakati pa zovala ndi kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Mayiko monga Britain ndi Australia ali ndi malamulo okhwima pa nyama, mkaka, mbewu ndi zomera. Wachibale wa ku Manchester akaitanitsa zakudya zakumudzi, funsani kaye ku positi kapena ku kampani yonyamula musanagule ndi katoni yomwe. Katundu wochokera ku Johannesburg pamsewu, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, amatsitsidwa ndi kukwezedwa m'malire angapo, ndiye amafuna katoni ya makoma awiri yokutidwa ndi pulasitiki kunja.

Dzina la wolandira, tauni yake ndi nambala yake ya foni zilembedwe ndi zilembo zazikulu pamwamba pa phukusi, chifukwa kwathu kuno phukusi limapeza mwini wake ndi foni kuposa ndi dzina la msewu. Nambala yanu ikhaleponso. Phimbani zolembazo ndi tepi yoonekera kuti mvula isasungunule inki, ndipo kapepala kena kokhala ndi zomwezo kalowe m'kati, kuti zakunja zikachoka wotsegula adziwe kolowera. Jambulani katunduyo asanalowe, ali m'katoni, ndiponso mutamata. Tsiku la mkangano zithunzi zimenezo ndi lisiti ndi zimene zidzakuyankhulireni.

Makampani aakulu sakhulupirira maso pa nkhani imeneyi, amayesa. Muyezo wina wa bungwe la International Safe Transit Association la ku America umati phukusi lopepuka, losafika makilogalamu 10, ligwetsedwe ka 10 kuchokera pa masentimita 76: kamodzi pangodya, katatu m'mphepete, ndiponso pa mbali zake zonse 6. Masentimita 76 ndi msinkhu wa tebulo wamba. Ngati mumagulitsa chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza, perekani chimodzi nsembe: chilongedzeni mmene mumachitira, chigwetseni kuchokera patebulo pa simenti mbali zonse, n'kutsegula. Kuli bwino chiswekere pakhonde panu, pamene mungaone chimene chalakwika, kusiyana ndi kuswekera pa Jenda ndalama za mwini wake mutadya kale. Ndipo wogula aliyense mum'pemphe akutumizireni chithunzi cha phukusi mmene lafikira asanalitsegule. Ngodya ikafika yophwanyika kawiri konse panjira imodzimodzi, sinthani katoni.